Mudi Umawolokedwa Kawiri

Ndikauza anthu kuno ku Bangwe kuti ku Joni ndinkanyamula chikwama cha ndodo za gofu, amandiyang'ana ngati ndawabisira zenizeni. Iwo amafuna kumva za mgodi, za miyala yogwa, za anthu otsika pansi pa nthaka. Wina anandifunsa pa maliro ngati n'zoona kuti ndinadutsa maiko awiri athunthu kukatola timipira. Ndinangoseka, poti pa maliro sitikangana. Koma pakanakhala mpata ndikanamuuza za Che Lajabu, ndipo ndikhulupirira akanavula chipewa.

Ndinanyamuka fakitale yathu ya ku Makata itatichotsa ntchito, chisankho cha zipani zambiri chitangodutsa. Masiku amenewo aliyense anali atatseguka pakamwa. M'maminibasi munali ndale, pamsika ndale, ngakhale ogulitsa makala ankadziwa mmene dziko liyenera kuyendera. Ine ndekha ndinali chete. Ndinakulira m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene anyamata ovala zofiira ankaima pa geti la msika n'kumafunsa khadi, ndipo bambo anga, amene anatsika ku Mulanje kudzasaka ntchito m'tauni, anandisiyira mawu awiri oti ndikhalire moyo: inde bwana. Pa riferendamu ndinasankha nyali ya zipani zambiri, koma ndinaisankhira kuseri, moti ngakhale mkazi wanga sindinamuuze.

Mkazi wangayo anandiperekeza mpaka pa Wenela, mwana wathu wamkazi ali kumsana. Za ulendo ndikumbukira kutentha kwa pa Tete ndi mapazi otupa, basi. Msuweni amene ndinkadalira ku Joni ndinapeza atasamuka kalekale osasiya mawu. Ndinayamba kuima pamphambano ndi amuna ena kudikira maganyu, mpaka tsiku lina galimoto inatitenga kukakumba ngalande pa bwalo la gofu. Dothi linali louma, fosholo yobuntha, ndipo ndinayamba kuinyoza m'Chinyanja poganiza kuti palibe akumva.

"Fosholoyo yakulakwira chiyani, mwana wa kwathu?"

Nditacheuka ndinaona bambo wamfupi, wowonda, wa ndevu zoyera, chikwama chachikulu cha ndodo chili paphewa ngati sichilemera. Ameneyo ndiye anali Che Lajabu a ku Ndirande. Anapita ku migodi ine ndisanabadwe, koma ataona anzawo awiri akutulutsidwa m'matumba, anatuluka pa geti osabwereranso. Kwawo anapitako kamodzi kokha. Anali mtchona weniweni, koma Chinyanja chawo chinali chosaguga, chothira Chiyao apo ndi apo. Atamva kuti ndine wa ku Bangwe, makolo a ku Mulanje, anandiika dzina loti Mlomwe wanga, n'kundifunsa ngati ndabwera ndi kalongonda m'thumba. Madzulo a tsiku lomwelo anakandilankhulira kwa kapitawo wa makadi, anthu onyamula ndodo za gofu, ndipo ndinapeza pogona.

Tinkagona kuseri kwa shedi ya mathirakitala, m'tizipinda ta malata. Munali Azulu, Asuthu ndi anyamata a ku Mozambique. Dzinja la kumeneko silichita nthabwala. M'mawa kapinga ankayera ndi chisanu ndipo zala zinkakana kugwira lamba wa chikwama. Ife obwera ankatitcha makwerekwere, koma Che Lajabu palibe ankayerekeza. Onse ankati Madala, ndipo akamayala mkeka wawo kuti aswali, ngakhale osewera juga ankatsitsa mawu.

Bwalolo silinali la masewera. Akatswiri ankachokera maiko akutali kudzalimbirana zikho pamenepo, ndipo ambiri ankabwerera atagwira tsaya. Gofu payokha sivuta kufotokoza. Pali maenje 18. Lililonse lili ndi poyambira pake, msewu wake wa kapinga wometa, ndipo kumapeto kuli kabwalo kosalala kotchedwa girini, pamene pali kadzenje ndi mbendera. Amene wamaliza onse atamenya kochepa ndiye wapambana. Kadi amanyamula ndodo n'kumathandiza womenya kusankha yoyenera. Ine ndinkaganiza kuti imeneyi ndi ntchito ya mapewa.

Lolemba lina, tsiku limene bwalo linkatsekedwa, Che Lajabu anati tiye ukaone maenje. Ndinalunjika poyambira pa dzenje loyamba, koma iwo anandikoka malaya n'kupita nane ku girini yomaliza. Anandifunsa kuti ndikafuna kupita kwathu ndimayamba kuganiza za basi kapena za khomo la nyumba yanga. Ndinati za khomo. Anati ndiye gofu imeneyo. Tinaima pa mbendera n'kuyang'ana kumene mpira umachokera, ndipo ndinaona zimene munthu woima poyambira sangaone: kuti girini yapendekera kumanja, kuti kuseri kwa kachulu kwabisala mchenga, kuti khomo lolowera lili kumanzere kokha. Anati ngati khomo lili kumanzere, kumenya komaliza kuchokere pafupi ndi mtengo uja; ngati kuchokere pa mtengo uja, kumenya koyamba kusapitirire apo. Tinayenda bwalo lonse chobwerera m'mbuyo, kuchokera pa 18 mpaka pa loyamba.

Makadi ena anali ndi timabuku tolemba mayadi. Che Lajabu sankawerenga, ndipo sankakafuna kabuku. Bwalo lonse analitcha maina a Blantyre. Dzenje loyamba linali Wenela, poti ulendo umayambira pamenepo. Lachitatu, lopanikizika pakati pa mitengo, linali Chemusa: anati m'tinjira ta ku Chemusa suthamanga ndi katundu pamutu, ndiye siya ndodo yaikulu, tenga chitsulo, ndodo yosafika patali, mpira ukhale mumsewu. Lachisanu ndi chiwiri linali Naperi, lokongola ndi maluwa, koma kuseri kwa mpanda uliwonse kuli galu. Agaluwo anali maenje a mchenga osaoneka. Zingwangwa inali girini yotsetsereka imene mpira ukaupitiriza mbendera umatsika wokha ngati madzi a mvula, ndiye lamulo linali kuima m'munsi n'kumenya chokweza. Chilomoni linali dzenje lokhota ngati chigongono, limene anyamata amphamvu ankafuna kulidula podumphitsa mpira pamwamba pa mitengo. Pamenepo ankangoti khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Dzenje la mphepo, lopanda pobisala, analitcha Bangwe, ndipo tikafikapo ankandifunsa ngati ndikufuna kulowa m'nyumba ndimwe madzi.

Funso lawo lalikulu linali limodzi. Sankafunsa kuti mpira ukagwera pati ukamenyedwa bwino, chifukwa ukamenyedwa bwino kadi alibe ntchito. Ankafunsa kuti ukaphonya, uphonyere kuti. Dzenje lililonse, anati, lili ndi mbali imene imakhululuka ndi mbali imene sikhululuka, ndipo munthu wanzeru amalakwira mbali yokhululuka. Ankatinso chikho sichipambanidwa pa dzenje limodzi, koma chimatayika pa dzenje limodzi.

Ndaonapo anthu odziwa ntchito, amakaniko a ku Makata omva vuto la injini isanatsegulidwe, koma wofanana ndi mkulu ameneyu sindinamuone. Tikakhala pa benchi ya makadi pafupi ndi Wenela, ankaphimba nkhope ndi chipewa n'kumangomvetsera. Munthu akamenya, iwo ankatchula ndodo ndi kumene mpira walowera: wudu, kumanja, chitsulo chachitatu, wakanda nthaka. Wudu, ndodo ya mutu waukulu yomenyera kutali, imalira mwina, chitsulo chimaliranso mwina. Anyamata a Chizulu ankabetcherana nawo mpaka anasiya.

Maenje ndinawagwira msanga. Pasanathe chaka ndinkatha kuyenda bwalo lonse m'mutu. Koma ndinali ndi matenda amene Che Lajabu sanawaone poyamba, chifukwa kwa azungu ankaoneka ngati ulemu. Amalawi tinkakondedwa kumeneko pa nkhani ya ulemu. Ndinkapereka ndodo ndi manja awiri, nditawerama pang'ono, ndipo bwana akanena kanthu ndinkavomera asanamalize.

Zinaululika pa dzenje la 12, lalifupi, lodumphitsa mpira pamwamba pa damu, limene tinkaliti Chimwankhunda. Ndinali nditanyamulira dokotala wina wa mano, munthu wonenepa wokonda kuseka. Mphepo inali kumaso, ndipo ndinkadziwa bwino kuti pakufunika chitsulo chachisanu. Iye anatulutsa chachisanu ndi chiwiri, chimene sichifika patali, n'kundifunsa ngati chikwana. Ndinati inde bwana. Mpira unagwa m'madzi. Anaika wina, n'kufunsanso ngati vuto linali kamenyedwe chabe. Ndinati inde bwana. Mipira itatu inamira ine ndikuvomera. Kuseka kwake kunathera pomwepo, ndipo anakauza kapitawo kuti asadzamupatsenso kadi wosadziwa mphepo. Kuyambira tsikulo komboni yonse inkanditcha Yesibwana.

Che Lajabu sanakalipe. Anandipeza ndikupukuta ndodo n'kukhala pambali panga.

"Unkadziwa kuti sichikwana?"

"Ndinkadziwa, bambo."

"Ukanakhala wosadziwa ndikanakuphunzitsa. Koma iwe unadziwa, n'kumusiya munthu amire. Umenewo si ulemu, Mlomwe wanga. Ndi mantha ovala jekete."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Ndinalumbira mumtima kuti ndisintha, koma kulumbira n'kosavuta. Bwana akatambasula dzanja, pakamwa panga pankayankha pokha, ndipo chimene ndinaphunzira n'kungokhala chete m'malo movomera. Zaka ziwiri zinapita choncho. Ndinkatumiza kangachepe kunyumba kudzera mwa madalaivala a mathiraki, mkazi wanga n'kumayankha kuti waumba njerwa, kenako kuti wafolera.

Panali munthu mmodzi amene Che Lajabu ankamunyamulira popanda kudikira kapitawo. Dzina lake Thabo, mnyamata wa ku lokeshoni, wamtali, wa zaka za m'ma twente. Bambo ake anali kadi pa bwalo lomwelo, mnzawo wa ponda apa nane mpondepo wa Che Lajabu. Anagwira ntchito pamenepo moyo wawo wonse, koma malamulo a tsankho sanawalole kumenyapo mpira ngakhale kamodzi anthu akuona. Akumwalira, anagwira dzanja la Che Lajabu n'kuwapempha kuti adzayende naye mwanayo mpaka adzanyamule chikho pa bwalo limenelo. Anasiya ndodo imodzi, wudu yakale ya mutu wa mtengo weniweni imene mzungu wina anataya. Thabo sankaisiya m'chikwama ngakhale anzake onse anali atasamukira ku ndodo zamakono.

Thabo ankamenya mpira mokoma moti anthu ankasiya kudya kuti aone. Ankadziwa Chemusa ndi Zingwangwa ngakhale sanapondepo ku Malawi, poti anakulira m'manja mwa Madala. Koma mtima wake unali wa pachala. Akaona mpata wodula njira, magazi ankakwera, ndipo munthu mmodzi yekha padziko ndi amene ankatha kumuuza kuti ayi.

Chaka chimene mpikisano waukulu wa chigawo unabwera pa bwalo lathu, maso a Che Lajabu anali atayamba kuchita ng'ala. Ine ndinaona kale, chifukwa mpira ukamenyedwa sankautsatanso ndi maso, ankatembenuza khutu. Ankabisa bwino, poti bwalo linali m'mapazi mwawo. Mpikisano unali wa masiku anayi. Masiku atatu anayenda ndi Thabo, ndipo pofika madzulo a tsiku lachitatu Thabo anali patsogolo pa onse. Komboni yonse inasangalala, koma Che Lajabu anandiitana kuseri kwa shedi atangomaliza kuswali. Anandiuza kuti tsikulo, pa Naperi, anatsala pang'ono kuponda mpira wa Thabo osauona. Chinawapulumutsa n'chakuti munthu wina anakuwa. Kadi akasuntha mpira, chilango chimagwera womenya. Anati sangalole kuti lonjezo lawo liphedwe ndi phazi lawo lomwe, ndiye mawa chikwama ndinyamula ine.

Ndinakana, ndipo n'zoseketsa kuti kukana kumeneko kunatuluka mosavuta. Ndinatchula makadi anayi ondiposa. Kapitawo atamva anaseka mpaka kukhosomola, nati mwa anthu onse mwasankha Yesibwana. Thabo naye nkhope inagwa. Koma Che Lajabu anati maenje onse 18 ali m'mutu mwa Mlomwe uyu monga ali m'mutu mwanga, chatsala n'chimodzi, ndipo chimenecho sichiphunzitsika pa benchi. Ndinazindikira pamenepo kuti lonjezo la munthu wakufa, ndi zaka zonse zimene mkuluyu anakhalira osapita kwawo, aziika pa lilime langa. Ndinachita mantha kwambiri.

M'mawa mwake anthu anadzaza. Thabo ankasewera limodzi ndi amene ankamutsatira, mnyamata wa chizungu wochokera kunyanja yamchere, wodekha, wosalankhula. Che Lajabu anapempha mnzathu wina wa ku Mozambique, wothirira kapinga, kuti awatsogolere kwinakwake, ndipo sindinawaonenso mpaka mpikisano utatha. Maenje oyamba anayenda bwino chifukwa panalibe chokangana. Pa Chemusa Thabo anatenga yekha chitsulo. Pa Zingwangwa anaima m'munsi mwa mbendera. Pa Chilomoni anayang'ana nsonga za mitengo nthawi yaitali, koma anazungulira. Ine ntchito yanga inali kutchula mayadi ndi kupukuta mpira, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu andidutsitsa osandiyesa. Tinafika pa dzenje la 17 Thabo akutsogola ndi kumenya kumodzi kokha.

Dzenje limenelo ndilo Mudi. Ndi lalitali, ndipo kamtsinje kamadula msewu wake kawiri: koyamba pafupi ndi poyambira, pamene aliyense amawoloka, kachiwiri pamphuno penipeni pa girini. Che Lajabu ankati munthu wochokera m'tauni kupita ku Ndirande kudzera ku Makata amawoloka Mudi kawiri, ndipo pakati pa milatho iwiriyo basi imaima pa Ginnery Corner. Ndiye kachigwa kosalala kamene kali mayadi zana kutsogolo kwa girini anakatcha Ginnery. Njira yawo inali kumenya koyamba kuwoloka, kwachiwiri kutsika pa Ginnery ndi chitsulo, kwachitatu kuwolokanso ndi kandodo kafupi kokweza mpira m'mwamba. Amphamvu ankafuna kudumpha Ginnery n'kufika pa girini ndi kumenya kwachiwiri. Zinkatheka, koma panali msampha. Mbendera ili m'chigwa chotchingidwa, ndiye imalendewera ngati kulibe mphepo. Mphepo yeniyeni imaonekera kunsonga za mabulugamu a kuseri.

Onse awiri anawoloka koyamba. Mpira wa Thabo unapita patali, koma unakaima pamtsetse, malo oyang'ana pansi, ovuta kukwezapo mpira. Mnyamata wa kunyanja ndiye anayamba kumenya, poti anali kumbuyo. Analibe chotaya. Anatulutsa wudu, n'kumenya ndi mphamvu zake zonse. Mpira unauluka, n'kuyamba kufooka m'mwamba, n'kugwa pamphepete penipeni pa tsidya, n'kugubuduzikira pa girini. Anthu anakuwa bwalo lonse.

Thabo anatambasula dzanja osandiyang'ana.

"Wudu."

Manja anga anapita okha. Ndinali nditaigwira kale ndi manja awiri, msana utayamba kuwerama monga mwa masiku onse. Ndiye ndinakweza maso. Mbendera inali italendewera, koma nsonga za mabulugamu zinali zitaweramira kwa ife, kuposa mmene zinalili mnzakeyo akumenya. Ndinayang'ananso mpira pamtsetse paja. Ndinkadziwa, monga ndinadziwira pa Chimwankhunda. Ndinaibweza wudu m'chikwama n'kuika mkono pamwamba pake.

"Ayi."

Anatembenuka ngati wamva chikwama chikulankhula.

"Wati chiyani, Malawi?"

"Ndati ayi. Titsika pa Ginnery."

Anandiyandikira mpaka ndinamva mpweya wake. Anati kodi sindinaone kuti mnzake wawoloka, kodi ndikufuna anthu onsewa anene kuti mwana wa kadi waopa. Ndinamusonyeza mabulugamu, ndinamusonyeza mtsetse. Ndinati akagwa m'madzi chikho chapita, koma akatsika pa Ginnery, choipitsitsa n'kufanana ndi mnzakeyo, dzenje limodzi lidakalipo.

"Imeneyo ndi ndodo ya bambo anga," anatero motsitsa.

"Ndikudziwa. Koma bambo anu anali kadi. Akanakhala pano akanakupatsani iyi."

Ndinamutambasulira chitsulo chachisanu ndi chiwiri, ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo linali likadali pa wudu. Akanafuna akanandikankha n'kutenga yekha. Ndodo zinali zake. Woyang'anira mpikisano anali atayamba kuyang'ana wotchi. Thabo anandiuza kuti akaluza chifukwa cha ine ndisadzaonekenso pa bwalo limenelo. Kenako anatsomphola chitsulo chija, n'kuima, n'kupuma kawiri, n'kumenya. Mpira unakatera pakati pa Ginnery. Ena mwa anthu anang'ung'udza, ndipo ndinamva wina akuseka.

Kuchokera pamenepo sanandilankhulenso. Anatenga yekha kandodo kafupi kaja, n'kukweza mpira pamwamba pa Mudi, n'kuuimitsa masitepe awiri m'munsi mwa mbendera. Mnyamata wa kunyanja anali kutali pa girini, ndipo zinamutengera kumenya kuwiri kuti alowetse. Thabo analowetsa kamodzi. Onse anamaliza dzenjelo ndi kanayi, ndipo tinali tikadali patsogolo. Dzenje lomaliza, lokwera chitunda, Che Lajabu ankaliti Ndirande, ndipo khomo lake ndi lija la kumanzere limene anandisonyeza Lolemba loyamba. Thabo analowera kumanzere popanda womuuza. Onse anamaliza mofanana, ndipo chikho chinali cha mwana wa kadi.

Makadi analowa pa girini, malo amene kale sankaloledwa kuimapo popanda chikwama, n'kuyamba kuimba. Mnzathu wa ku Mozambique anabwera atagwira Che Lajabu pamkono, ndipo Thabo anathamanga n'kuwagwadira, n'kuika chikho m'manja mwawo. Mkuluyo anachisisita ndi zala ngati akuwerenga nkhope ya munthu. Ine ndinaima patali ndi chikwama. Che Lajabu atandipeza madzulo, chimene ananena n'kundifunsa ngati ndapukuta ndodo. Za Mudi sanatchule. Thabo anandigwira chanza tsiku lotsatira, koma anati akanawoloka, ndipo mwina akunenabe mpaka lero. Mwinanso akanawolokadi, ndani adziwa. Zimenezo sizinandivute. Chinandiwawa ndi kukhala chete kwa Che Lajabu, chifukwa ndinkaganiza kuti sanadziwe chimene chinachitika, kapena anadziwa koma sanachione ngati kanthu.

Patapita miyezi ingapo maso anatsekeratu, ndipo anati ntchito yatha, ndiperekeze kwathu. Nanenso ndinali nditatopa ndi chisanu. Tinakwera basi limodzi, iwo atanyamula mkeka wawo ndi kachikwama kamodzi. Poti sitinkadziwa ngati mwana wawo wamkazi akadali pamalo akale ku Ndirande, tinayamba tafikira kwanga kuno ku Bangwe kuti titumize uthenga.

Ndinapeza nyumba ya malata, koma mwana wanga anabisala kuseri kwa chitseko n'kumafunsa amayi ake kuti ankolowa apita liti. Mkazi wanga anali atayamba geni ya kaunjika ku Limbe, ndipo ankakangana ndi makondakitala mopanda mantha moti ndinkamuyang'ana kawiri. Amalume ake anali ataumba njerwa pakona ya puloti yathu kuti amangirepo mwana wawo, osafunsa, poti ankandidziwa kuti ndine uja wovomera. Anabwera kudzandilonjera n'kunena nkhaniyo ngati yatha kale. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa tiyi, ndipo ndinawakaniza. Mkazi wanga, amene ankamvetsera pakhomo, anasuzumira kuti aone ngati ndi ine ndalankhula.

Uthenga unabwera woti mwana wa Che Lajabu alipo, ali ndi zidzukulu, ndipo akudikira. Ndinafuna kuti tidule njira kuchokera ku Limbe, koma mkuluyo anakana, nati ulendo umayambira pa Wenela. Tinatsikira m'tauni, anagula shuga ndi nsalu, kenako tinakwera minibasi yodzera ku Makata. Blantyre amene anamusunga m'mutu zaka zonsezo anali atasintha, ndipo mwina zinali bwino kuti sankamuona. Tikuwoloka mlatho woyamba anakweza mphuno n'kunena kuti uwu ndi Mudi, koma fungo lawonjeza. Patsogolo pang'ono minibasi inaima kuti itenge anthu, kondakitala akuitanira.

"Tili pati?" anafunsa.

"Pa Ginnery Corner, bambo."

Anafufuza bondo langa ndi dzanja n'kuligwira.

"Tsiku lija ndinali pansi pa mabulugamu a pa Mudi. Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa. Ndinamva wudu ya mzungu uja, ndinamva anthu akukuwa. Kenako kunati zii, nthawi yaitali, ndipo mumtima ndinati basi, Mlomwe wanga wapereka ndi manja awiri. Ndinayamba kupepesa kwa mnzanga womwalira uja."

Chala chawo chinagogoda bondo langa.

"Ndiye ndinamva chitsulo."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze miyezi yonseyo. Anati ankafuna adzandiuzire pano. Ndinayang'ana pawindo kuti anthu asaone nkhope yanga, chifukwa misozi inali itatsika, ine bambo wamkulu, m'minibasi yodzaza. Palibe mawu amene munthu anandiuzapo amene ndimawasunga ngati amenewo.

Kondakitala anatiyang'ana n'kufunsa ngati madalawa akutsika. Ndinati ayi, tikuwoloka, tikupita ku Ndirande.